Mulungu Anakwiya, Koma Anasoka

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Atate munawapeza? Ngati munawapeza, muwauze kuti njinga yawo ija ikuyendabe, ngakhale belu linathothoka ndipo tcheni chimavuka paliponse pamene pali chitunda. Ndine Tikambenji, mwana wanu wachisamba, uja munkati pakamwa pake anaiwalapo lumo.

Ndachedwa kukulemberani. Si ulesi ayi. Ndinali nditakukwiyirani, ndipo mukudziwa kuti mkwiyo wanga suphwa msanga. Ndifikako ku nkhaniyo. Poyamba ndikuuzeni za pakhomo, chifukwa ndikudziwa kuti mukadakhala pano mukadayamba mwafunsa za nkhuku musanafunse za mtima wanga.

Mvula chaka chino inachedwa, kenako inafika ikuthamanga ngati munthu amene wapeza Misa ili pakati. Chimanga cha kumtunda chinachita bwino. Cha kumunsi mbozi zinalowamo, ndipo chimene mbozi zinasiya anyani a kuphiri anabwera kudzamaliza. Ndinawalalatira mpaka mawu anandithera, iwo ali phee pa mwala kundiyang'ana ngati ndine wayilesi. Nkhokwe sinadzaze, koma sitigona ndi njala. Maungu anu aja a khosi lalitali abereka okha kuseri kwa bafa, popanda wowabzala. Nkhuku yanu yamawanga inaswa anapiye, kabawi n'kutengapo gawo lake. Denga la khitchini likudontha pamalo pomwe paja, ndipo ndaikapo beseni lomwe lija. Amake Joyce a pafupi nafe akupatsani moni. Akuti chichokere inu palibenso amene amawauza zoona kuti ndiwo zawo zachuluka mchere, ndiye mabanja awo onse akungomwa madzi.

Manje mverani iyi, museke. Ba Lungu, akatekisti aja, anabwera kudzandipempha kuti nditenge malo anu ophunzitsa ana katekisimu Loweruka. Ine! Ndinawafunsa ngati anthu ofatsa anatha mu Mpanshya yense. Anati ana akulira nthano zanu za chiyambi cha dziko, ndipo palibe wina amene anazimva kambiri kuposa ine. Ndinavomera, koma ndinawachenjeza kuti mwana wosokosa ndidzamubweza kwa amake.

Ndimawaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango womwe uja, ndipo ndimachita monga munkachitira. Mwana aliyense amatapa dothi la pachulu, amalinyowetsa, amaumba kamunthu, kenako amakauzira mpweya. Ndimawauza mawu anu, kuti Adamu anaumbidwa ndi dothi lofiira la pachulu, chifukwa mchenga sugwirana. Tikafika pamene Mulungu anabweretsa nyama kwa Adamu kuti azitche maina, ana amakwawa, wina ngati fulu, wina ngati njiri, n'kumadutsa pamaso pa mnzawo amene wasankhidwa kukhala Adamu. Pamenepo ndimamva mawu anu akutuluka pakamwa panga: chinthu chopanda dzina chikadali panjira, sichinafike.

Mukukumbukira mmene ndinkakuvutitsirani nditayamba sekondale? Ndinkabwera ndi sayansi yanga m'mutu, n'kumakufunsani kuti kuwala kunayamba bwanji dzuwa lisanalengedwe. Munkati, "Nanga m'mawa sikuyera dzuwa lisanatuluke?" Tsiku lina ndinaganiza kuti ndakugwirani. Ndinati, ngati anthu anali Adamu, Eva ndi ana awo chabe, nanga Kaini anakwatira mwana wa yani? Inu osakweza n'komwe maso pa nyemba zimene munkasankha, munati, "Ukakafika kumwamba ukafunse wekha. Ine ku ukwatiwo sanandiitane." Manje popeza mwafikako, mufunseko, mudzandiuze ndikadzabwera.

Zonse zinkayenda bwino mpaka tinafika pa Kaini ndi Abele. Ndinafotokoza kuti wamkulu anali mlimi, wamng'ono woweta, onse anapereka nsembe, ya wamng'ono inalandiridwa, ya wamkulu ayi. Kamtsikana kena kanakweza dzanja, kanati, "Ba ticha, nanga chimanga cha Kaini chinali chofumbwa?" Amayi, ndikanangoti inde, nkhani ikanatha. Koma pakamwa panga mukupadziwa. Ndinayamba kuwauza kuti kulima si masewera. Ndinati Kaini ankadzuka mame asanaume, msana uli chiweramire, manja ali matuza okhaokha, pamene Abele ali khale pamthunzi kuimbira nkhosa likhweru. Ndinati munthu angathe kupereka zonse zimene ali nazo, koma wolandira n'kuyang'ana kumbali, kumwetulira amene wabwera ndi kanthu kamodzi. Nditatembenuka ndinapeza ba Lungu aima kumbuyo kwanga atagwira chibwano. Anati, "Mayi, mu mpingo uno sitinamvepo Kaini ali ndi loya."

Ana anaseka, ine sindinaseke. Ndinatsiriza nkhaniyo mothamanga, ndipo funso lija Mulungu anafunsa Kaini, la kumene kuli mng'ono wake, ndinalidumpha.

Mukudziwa chifukwa chake, koma ndilemba ndithu, popeza pamene munali moyo sindinanene.

Mutayamba kudwala, kalata yondiitana ku koleji ya uphunzitsi inali itafika kale. Ndinaipinda, ndinakhala. Sindikudandaula, ndikadachitanso chimodzimodzi. Ndinagona pansi pambali pa bedi lanu m'chipatala cha pa misheni mpaka manesi anayamba kundituma ngati mnzawo. Ndinakusambitsani, ndinakutembenuzani, ndinachapa nsalu zimene sindingazitchule m'kalata. Dalitso, mwana wanu wotsiriza, anali ku Chinyunyu ndi mbuzi zake, akuwotcha nyama pamsewu kugulitsa kwa a malole. Minibasi zimadutsa pakhomo pake tsiku lonse. Ankangotumiza mawu kuti abwera Lamlungu, ndipo Malamlungu anadutsa ambiri.

Sabata lomaliza lija munakana kudya. Ndinkaphika phala la nsinjiro monga mumalikondera, ndinkaliuzira, ndinkalifikitsa pamilomo panu, inu n'kutembenukira kukhoma. Funso lanu linali limodzi: "Dalitso wafika?" Kenako anafikadi, chimanjamanja, malaya akununkha utsi. Nkhope yanu inawala ngati mwaona mngelo. Anatenga mbale yomwe ija m'manja mwanga, supuni yomwe ija, phala lomwe lija limene linali litazizira kale, inu n'kuyasamula pakamwa, n'kudya. Ndinatuluka panja, ndinakaima pafupi ndi mpopi, ndinatsegula madzi kuti anthu aziganiza kuti ndikusamba kumaso.

Pa maliro anu Dalitso analira kuposa aliyense, mpaka amuna awiri anachita kumugwira. Ndinamuyandikira, ndinamuuza pamaso pa anthu kuti misozi ndi yopepuka kunyamula kuposa beseni. Mawu amenewo sindinawabweze, ndipo sindikuwabweza lero. Anali oona. Kuyambira tsiku limenelo sindinamulankhulenso. Akabwera kuno ndinkamuikira madzi akumwa pakhonde monga ndingachitire ndi mlendo aliyense, n'kulowa m'nyumba.

Tsopano nkhani yaikulu, imene ndinayenera kuyamba nayo ndikadakhala mwana wabwino. Amayi, muli ndi mdzukulu. Esnati, mkazi wa Dalitso, anachira, mwana wamkazi. Onse ali bwino.

Dalitso anabwera yekha kudzandiuza. Ndinamuona akutsika pa njinga, ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko. Anaima panja n'kumalankhula ndi thabwa. Anati mchombo unagwa kale, mwana anatuluka m'chikuta, koma alibe dzina. Anati akuchikazi akumupanikiza, achipatala akufunsa, ubatizo wayandikira, koma iye wakana, chifukwa kwathu kum'mawa dzina la mwana woyamba limachokera kwa azakhali ake, mlongo wa atate ake, ndipo iye mlongo ali naye mmodzi. Anati pakali pano akungomuitana Mlendo.

Ndinamuyankha kudzera pa chitseko. Ndinati, "Iwe si ndiwe Adamu wa ku Chinyunyu? Mbuzi iliyonse unaitcha dzina, mpaka ija yothyoka nyanga. Maina akuthera pa mwana?" Kenako anati, "Ba sisi, ndidikira." Ndinamva tcheni cha njinga yake chikulira mpaka kumsewu.

Masiku anapita. Ndinkakolola, ndinkatunga madzi, ndinkaphunzitsa ana za Nowa ndi chingalawa chake, koma m'mutu munali kamwana kaja. Mawu anu omwe ndinkawauza ana a eni ake anayamba kunditsatira kumunda: chopanda dzina chikadali panjira. Mwana wa magazi athu ali panjira, ndipo amene wamutsekera chitseko ndine. Ndinkadziuza kuti mlandu ndi wa atate ake. Koma mwanayo sanadyetse munthu phala, sanakane kukwera minibasi.

Chimene chinandigwetsa si ulaliki wa ba Lungu, ngakhale anayesa. Ndi makina anu osokera. Ndinkasesa kuchipinda kwanu, tsache linakola nsalu imene munkawaphimbira, n'kuigwetsa. Ndinakhala pansi n'kumawayang'ana.

Paja pakhomo pano tonse tinkadziwa kuti makina akamalira mothamanga, amayi akwiya. Simunkamenya, simunkatukwana. Munkakhala pa kampando, singano ina pakamwa, dzanja likuzunguza chogwirira ngati mukupera munthu. Atate ankati akamva kulira kumeneko ali kumsewu, ankabwerera kukacheza kaye kwa anzawo.

Ndinakumbukira chaka chija ndili mu giredi teni, pamene ndinakuyankhani mwano pamaso pa azimayi a m'mphakati, inu n'kunena kuti nyumba ino singasunge akazi awiri a pakamwa pamodzi, ndipite ndikakhale kwa amalume ku Rufunsa mpaka ndiphunzire ulemu. Simunandilankhule tsiku lonse. Makina okha ndiwo ankalankhula. M'mawa pokwera basi simunandiperekeze. Nditafika, potsegula chikwama, ndinapeza siketi yatsopano ya sukulu ndi juzi la atate limene munalichepetsa kuti lindikwane. Nditabwerera pa holide ndinakufunsani kuti munthu amasokera bwanji mwana amene wamuthamangitsa. Munati, "Suwerenga Baibulo lako? Mulungu asanawatulutse Adamu ndi Eva m'munda muja, anayamba wawasokera zovala za zikopa. Anaona kuti masamba a mkuyu sangamufikitse munthu mwezi wa Juni. Anakwiya, koma anasoka."

Gawo limenelo ndi limene munkalikonda koposa, ndipo munkaliwonjezera zanu zimene sizinalembedwe. Munkati Mulungu anakhala pa chitsa, nkhope ili gwa, osawalankhula. Anamuitana Eva ndi chala, anamuyeza mapewa ndi chikhatho, anamutembenuza mwaukali, anayezanso msana. Munkati ulusi anaudula ndi mano. Ana ankafunsa kuti ndiye kuti anawakhululukira? Munkati, "Zimenezo zinatenga nthawi yaitali. Koma kuzizira sikudikira chikhululuko."

Ndinathira makina aja mafuta. Ndinatenga chitenge chanu chabuluu, chija cha mbalame zoyera chimene munkavala pa Pasaka, ndinachidula. Pepani, sindinapemphe. Ndinasoka ndili wokwiya, Amayi, ndisakunamizeni. Ndinkazunguza chogwirira n'kumatchula zonse: Malamlungu aja, utsi wa pa malaya ake, supuni ija. Singano inathyoka, ndinaika ina. Amake Joyce anasuzumira pa windo ali wefuwefu, anati anamva makina akulira ngati kale, anayesa mwabwerera. Mwanayo ndinali ndisanamuone, ndiye muyezo ndinangoyerekeza ndi chikhatho, monga Mulungu wanu wa pa chitsa.

Tsiku lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Chinyunyu. Titayandikira ndinaona nthunzi ikukwera pa akasupe otentha aja, ndinakumbukira mmene munkatiuzira tili ana kuti pamenepo ndi pamene Mulungu anamalizira kulenga, Sabata linamupeza dziko lisanazizire. Dalitso ankakhulupirira, ine ndinkati ndi miyala ya pansi pa nthaka. Munkati tonse awiri tikunena zoona, koma Dalitso akunena bwino. Mwaona? Ngakhale pamenepo munali kumbali yake.

Ndinamupeza pamsewu akutembenuza nyama. Atandiona anasiya foloko, nyama n'kuyamba kupsa. Ndinamuuza kuti ayang'ane ntchito yake, ine sindinabwerere iye. Ananditsogolera kunyumba. Esnati anandigwadira, anandipatsa moni wautali uja wa m'chilankhulo chawo cha Chisoli, ine n'kumangoyankha kuti eya, eya. Amake Esnati analipo, ndi azimayi ena a pamudzi. Anayala mphasa, anandipatsa mwana.

Amayi, ali ndi chipumi chanu. Ndinafuna kupeza Dalitso pankhope pake kuti mtima wanga ulimbe, koma ndinapeza inu, mpaka kakhwinya kaja ka pakati pa nsidze kamene kankabwera mukamalowetsa ulusi pa singano.

Tinamuveka diresi. Linali lalikulu moti akadalowamo awiri, ndipo mkono umodzi unatalika kuposa unzake. Dalitso anayang'ana, anati, "Ba sisi, mkono uwu munasoka mukuganiza za ine." Azimayi anaseka. Ndinamuuza kuti akadakhala iye ndikadasoka thumba lomanga kukamwa. Amenewo ndiwo mawu oyamba amene tinapatsana maso ndi maso chichokere inu.

Kenako onse anayamba kudikira dzina. Ndinali nditakonza maina ena m'njira, maina oluma, oti akamamuitana atate ake azimva kuwawa. Mukudziwa kuti kwathu maina otere sasowa. Koma ndi chipumi chimenecho ndikadatani? Ndinamuuzira pang'ono pamutu, monga timachitira ndi tianthu tadothi tija, ndinamupatsa dzina lanu, ndinati, "Ndiwe Veronika. Wafika."

Nthungululu zinalira. Amake Esnati anagwada pamaso pa khandalo n'kuwomba m'manja, analilonjera ngati ndinu, apongozi a mwana wawo, anati, "Mwabwera, asebele." Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Mwana akatenga dzina la agogo ake, ana a malemuwo samutchulanso dzina, amamuitana amayi. Dalitso anagwada, anati, "Amayi, mwayenda bwanji?" Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinati, "Amayi, mwatipeza." Chichokere pa manda paja ndinali ndisanaitanepo munthu choncho.

Ndipo mukudziwa chimene amayi atsopanowa anachita? Anandiyang'ana ndi diso limodzi, anadzinyolola, ndinangomva kufunda pamiyendo. Anandikodzera, Amayi! Chitenge changa chonse, ndi diresi latsopano lomwe. Azimayi anaimirira n'kuyamba kuvina, akuti mwana sakodzera munthu amene sanamukonde, wakulandirani, wakusankhani. Dalitso anati iye wamunyamula kuyambira tsiku lobadwa koma sanamuchitirepo zimenezo. Ndinati, "Uone mmene zimawawira." Ndinaseka, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo panalibe mpopi woti ndikabisaleko. Ndinangokhala pamphasa, wonyowa, misozi ili chuchuchu, nditakukumbatirani.

Pondiperekeza kumsewu Dalitso anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, anati sankabwera kuchipatala chifukwa ankaopa kukuonani mutatha thupi. Ndinamuuza kuti nanenso ndinkaopa, koma mantha anga ankachapa nsalu. Chachiwiri, anati tsiku la phala lija, nditatuluka panja, munamugwira dzanja n'kunena kuti, "Ndikudya kuti mlongo wako akhaleko pansi. Sanakhale chiyambire."

Amayi, munanenadi zimenezi? Kapena wangozisoka yekha kuti andifunditse? Ndazitembenuza mbali zonse ngati malaya akale ogula pa salaula, kufunafuna pamene pali msoko wabodza. Mawuwo akumveka ngati anu. Koma Dalitso naye anakulira pa mawu anu, angathe kuwayerekeza. Simudzandiyankha, ndikudziwa. Ndaganiza zongowavala, ngakhale sindikudziwa amene anawasoka. Kunja kuno kukuzizira.

Musafulumire kusangalala. Sindinamukhululukire kwathunthu. Anandikulungira nyama mu pepala, ndinalandira, ndinadya m'minibasi, inali yokoma, koma sindinamuuze. Inunso mlandu wanu sunathe, ndangouimika kaye. Mwina Mulungu anali ndi chifukwa chake pa nsembe ziwiri zija chimene sichinalembedwe, monga inu munali ndi chanu. Ndikadzafika tidzakambirana, ndipo ndidzalankhula ndine poyamba.

Loweruka likubwerali ndawauza ana kuti tibwereza nkhani ya Kaini, chifukwa ticha wawo anadumpha mzere. Ulendo uno funso lija ndidzalifunsa mokweza, ba Lungu amve ali kutchalitchi. Ndipo kamtsikana kaja kakadzandibwezera funsolo, kuti nanga inu ba ticha mlongo wanu ali kuti, yankho ndili nalo. Ali ku Chinyunyu, akupsereza nyama, ndipo Lamlungu akubwera kudzakonza denga la khitchini. Ndamuuza kuti akapanda kubwera Lamlungu limeneli, asadzayerekeze kufa ine ndisanamupeze.

Chitenge chanu chatsalako theka. Ndikulonjeza kuti diresi la ubatizo ndidzasoka ndi muyezo weniweni, mikono yofanana, ndipo ndidzayesetsa kuzunguza makina pang'onopang'ono. Akathamanga, mudzamva muli komweko, mudzadziwa kuti mwana wanu sanasinthe. Koma kusoka sindidzaleka.

Gonani bwino, Amayi. Kuno ndikukunyamulani kumsana.

Ndine wanu wokukondani, wa lumo pakamwa,
Tikambenji